Kuchoka ku Bangwe Kukafika ku Chia: Mbiri ya MACOHA

Chaka cha 1971 anthu amachikumbukira chifukwa ndi pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya wa dziko lino. Koma Nyumba ya Malamulo yomweyo, imene masiku amenewo inkakumana ku Zomba, inavomerezanso lamulo lina limene palibe anavinira pabwalo. Linali lamulo loona za anthu olumala, ndipo ndi limene linabala bungwe la Malawi Council for the Handicapped, limene tonse tinangolizolowera kuti MACOHA. Bungweli linayenda ndi dzina limeneli zaka zoposa 50, kudutsa ulamuliro wa chipani chimodzi, riferendamu ya 1993 ndi maboma onse amene anatsatira, mpaka mu 2024 pamene lamulo latsopano linalisandutsa MACODA.

Mbiri yake anthu ambiri amaifotokoza ataima ku Blantyre, kumene kuli likulu lake ndi fakitale yake yotchuka. Kuiona utaima pa mchenga wa ku Nkhotakota kumasintha zinthu. Kuchoka pa boma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo ku Blantyre ndi kutali kuwirikiza kawiri. Kwa munthu woyenda ndi miyendo yake iwiri umenewu ndi ulendo wa tsiku limodzi pa minibasi. Kwa munthu woti achite kunyamulidwa pokwera minibasi, ndi kulipiranso malo a njinga yake, ndi ulendo woti banja liyambe lakhala pansi kaye. Mbiri yonse ya MACOHA ndi ya bungwe lolimbana ndi mtunda umenewu, nthawi zina kuupambana, nthawi zambiri kutopa panjira.

Lisanabwere lamulo la 1971, ntchito yosamala anthu aulumali inali m'manja mwa mamishoni ndi achibale. Ku Chilanga ku Kasungu ndi ku Lulwe ku Nsanje kunali sukulu za ana osaona. Ku Mua ndi ku Utale ansembe ndi masisitere ankasunga odwala khate. Ku Nguludi abulazala a Chikatolika anayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Ku Nkhotakota, chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Anglican chinkasoka mabala ndi kumanga mafupa, koma bala likapola ntchito ya chipatala inkathera pomwepo. Zotsalazo zinali za mwinimbumba. Iyeyo ndi amene ankaona kuti mphwake wopuwala miyendo adya kuti, agona kuti, ndipo kamunda kake ka chinangwa alima ndani. Kumene mbumba inali yolimba munthu sankagona ndi njala. Kumene inali yofooka, munthu ankadikira Lachisanu kuti akakhale pakhomo pa mzikiti kapena pakhonde la sitolo kulandira sadaka. Funso loti munthu ameneyu angagwire ntchito yanji silinkafunsidwa kawirikawiri.

Lamulo la 1971 linabweretsa funso limenelo m'manja mwa boma. Linapatsa khonsolo yatsopanoyi udindo wolangiza nduna, kulemba m'kaundula anthu aulumali amene afuna kulembedwa, kuyang'anira magulu othandiza olumala ndi kasonkhedwe kawo ka ndalama, komanso kuyendetsa malo ophunzitsira ntchito zamanja. Munthu akaliwerenga lero amaona msanga kuti linali lamulo la nthawi yake. Wolumala m'menemo ndi munthu woti achitiridwe zinthu, ndipo palibe pamene akufunsidwa maganizo. Komabe tisafulumire kulinyoza. M'dziko limene linali ndi zaka 7 zokha chilandirire ufulu, madokotala ake owerengeka pa zala, kulemba m'lamulo kuti munthu wosaona kapena wopanda mwendo aphunzitsidwe ntchito chinali chinthu chachikulu.

Chipatso choyamba chooneka ndi maso chinali fakitale ya ku Bangwe, imene inayamba m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko anthu osamva, osaona ndi olumala miyendo amaluka ndi manja makalapeti, nsalu zokoloweka pakhoma, zoyala patebulo ndi zikwama, pogwiritsa ntchito ulusi wa thonje. Ena amasoka, ena amadinda zithunzi pansalu. Kuluka kotere sikufuna changu. Ulusi umalowa umodziumodzi, woluka n'kumaugogomeza kuti ugwirane ndi unzake, ndipo chithunzi cha mudzi kapena cha nyama chimayamba kuoneka patapita masiku. Wakuba ntchito amagwidwa ndi nsalu yake yomwe, chifukwa pamene wathamangira pamakhala polekeza. Alendo ochokera kunja, mahotela ndi maofesi ankagula katundu ameneyu chifukwa anali wabwino, ndipo ogwira ntchitowo ankalandira malipiro pakutha pa mwezi monga wina aliyense wa mu Limbe. Kwa anthu ambiri m'dziko muno, mawu oti MACOHA ankatanthauza fakitale imeneyi basi.

M'zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa sukulu ya ntchito zamanja ya Kamuzu ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo pambuyo pake ina ku Lilongwe. Magomero ndi malo a mbiri yolemera kale. Ndi pomwe amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1861, amishoni omwewo amene pambuyo pake anakakhazikika ku Likoma ndi ku Nkhotakota, ndipo ndi pomwenso anthu a John Chilembwe anakantha mu 1915. Tsopano panabwera achinyamata oyendera ndodo ndi njinga kudzaphunzira kusoka, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi ulimi. Ku Lilongwe kunawonjezereka ntchito za mu ofesi, ndipo m'kupita kwa nthawi za kompyuta.

Amene anadutsa m'sukulu zimenezi ambiri anapindula, ndipo ena mwa iwo ndi amene anadzakhala atsogoleri a magulu a anthu aulumali. Vuto linali kuchuluka kwa ofuna ndi kuchepa kwa mabedi. Kuti mtsikana wa kwa Mwansambo kapena mnyamata wa kwa Kanyenda ku Nkhotakota akafike ku Magomero, pankafunika kuti wina amuone, amulembe, kalata ipite ndi kubwerera, makolo avomere, ndalama yoyendera ipezeke. Pa sitepe iliyonse ena ankagwa. Makolo ambiri a ana aakazi sankalola n'komwe, poopa kuti mwana wosamva kapena wosaona akakhala kutali anthu akamuchita zachipongwe ndipo sakatha kunena. Wofika kumapeto ankabwerako ndi satifiketi, mwina ndi makina osokera, n'kukakhala pakhonde la sitolo pa Dwangwa kapena pa Benga. Kwa kanthawi zinkayenda. Koma kaunjika atadzaza misika m'zaka za m'ma 1990, telala anatsala ndi ntchito yochepetsa mathalauza ndi kusoka yunifolomu mwezi wotsegulira sukulu. Ntchito ina imene anthu osaona ndi oyendera njinga ankaidalira m'matauni, yolumikiza mafoni m'maofesi, inapita ndi kubwera kwa foni zam'manja. Bungwe linkaphunzitsa ntchito zimene dziko linali kuzisiya, ndipo linachedwa kutembenuka.

Nawonso anthu ofuna thandizo anali kusintha. M'zaka zoyambirira, ulumali wochuluka unkabwera ndi poliyo, chikuku chimene chinkachititsa ana khungu, ndi khate. Mu 1979 kunabadwa bungwe la Malawi Against Polio, limene anthu amalidziwa kuti MAP, lopanga ndodo, nsapato zazitsulo ndi njinga za matayala atatu zopalasa ndi manja, n'kumayendera zipatala za m'maboma. Katemera atafalikira, poliyo anatha mphamvu moti dziko linakhala zaka 30, kuchokera mu 1992, osapeza mwana wogwidwa ndi kachilombo kake kam'chilengedwe, mpaka pamene kanapezekanso ku Lilongwe mu 2022. Khate nalo linachepa kwambiri mankhwala amphamvu atabwera, mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA. MAP inasintha ndi dzina lomwe, kukhala Malawi Against Physical Disabilities, chifukwa odwala ake sanalinso a poliyo okha.

Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. M'mbali mwa nyanja chimadza m'njira zake. Chimadza ndi ng'ona ya mu Bua, mu Dwangwa kapena m'thamanda la Chia, imene imagwira mayi akuchapa kapena msodzi akuonjola nsomba, n'kumusiya wamoyo koma wopanda mkono. Chimadza ndi mvuu yogubuduza bwato. Chimadza ndi chikwanje m'munda wa nzimbe. Chimadza ndi malungo okwera kumutu, amene m'boma la Nkhotakota ndi ochuluka, n'kumusiya mwana ndi khunyu kapena osayankhula. Chimadza ndi sitiroko ndi matenda a shuga kwa akuluakulu. Ndipo masiku ano chimadza koposa pa msewu wa M5, pa njinga yamoto ya kabaza yonyamula anthu atatu ndi thumba la usipa, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chipewa. Ambiri mwa anthu amenewa si ana oti akayambe kuphunzira ntchito. Ndi abambo ndi amayi amene anali ndi ntchito yawo kale, ana awo ali pasukulu, ndipo sangasiye banja chaka chathunthu kukakhala kogonera ku Chiradzulu.

Yankho linachokera ku maganizo amene anayamba kufalikira padziko lonse utatha msonkhano wa zaumoyo wa ku Alma-Ata mu 1978. Bungwe la WHO linkati mayiko osauka sadzakwanitsa kumanga malo okwanira osungiramo aliyense wolumala, choncho thandizo lipite kumene munthuyo ali, ndipo achibale ndi anansi aphunzitsidwe kuchita zimene angathe. Chaka cha 1981 chinalengezedwa kukhala cha anthu olumala padziko lonse. Mu 1988 MACOHA inayesa njira yatsopanoyi m'boma la Blantyre mothandizidwa ndi mabungwe a UNDP ndi ILO. Anthu ogwira ntchitoyi amangoitchula kuti CBR. Pang'onopang'ono inafalikira ku maboma ena monga Machinga, Balaka ndi Mzimba, kumene bungwe la anthu aulumali la ku Norway linaikapo dzanja, ndiponso kunyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene thandizo lalikulu linachokera ku bungwe la CBM. Ndikuona kuti apa ndi pamene MACOHA inasinthiratu, ngakhale kuti panalibe riboni yoti nduna idule.

Ntchito ya CBR ilibe ulemerero. Mlangizi amafika pa njinga yamoto, kapena wodzipereka wa m'mudzi momwemo amafika wapansi. Amayamba kwa a nyakwawa, chifukwa sungalowe m'nyumba za eni popanda iwo kudziwa. Akafunsa kuti m'mudzi muno muli olumala angati, amauzidwa awiri kapena atatu amene aliyense amawaona pamsewu. Akabweranso kachiwiri ndi kachitatu, mayi wina amamukokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tabwerani mudzaone mwana wanga." Kuseri kwa nyumba, pamphasa, pali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene sanakhalepo tsonga. Mlangizi samabweretsa mankhwala. Amaonetsa mayiyo kagwiridwe ka mwanayo pomudyetsa kuti asatsamwe, kawongoledwe ka miyendo m'mawa ndi madzulo, ndi kapangidwe ka kampando kapangodya komukhazika. Amauza bambo adule nsungwi ziwiri, azikhome pa mafoloko a mitengo mofanana kutalika, kuti mwanayo azigwirira pophunzira kuima. Wa khunyu amamulembera kalata yopita kuchipatala ndi kukumbutsa abale kuti mankhwalawo sadumphitsa. Khanda lobadwa ndi mapazi opindika amalithamangitsira kokaikidwa pulasitala mafupa asanakhwime. Mwana wosaona amamufunira malo kusukulu kumene kuli mphunzitsi wa zilembo za Braille. Kenaka amakambirana ndi mphunzitsi wamkulu, amene poyamba amayankha kuti kalasi ili kale ndi ana oposa zana.

Chimene chinatchukitsa ntchitoyi kunyanja ndi ng'ala. Alangizi a MACOHA ankayenda m'midzi kufufuza okalamba amene maso awo achita mtambo, n'kuwasonkhanitsa kuti galimoto iwatengere kuchipatala cha maso cha ku Nkhoma. Opaleshoni yake ndi ya mphindi zochepa. Agogo amene anakhala zaka akutsogozedwa ndi mdzukulu atagwira ndodo ankabwerako akudziyendera, ndipo mdzukuluyo ankabwerera kusukulu. Gogo mmodzi wotere ankakopa anzake kuposa msonkhano uliwonse, chifukwa mantha anali oti kuchipatalako akachotsa diso n'kuikamo la mbuzi. Opereka ndalama ankaikonda ntchito imeneyi, pakuti ndi yowerengeka bwino mu lipoti: maso akutiakuti atseguka chaka chino.

Kubwezera munthu pantchito sikuwerengeka choncho, ndipo apa ndi pamene bungweli lakhala likupunthwa. Taonani mmene ndalama imapezekera padoko. Dzuwa likamalowa, alovi amakankhira boti m'madzi, kukweza chilimira, mabwato ndi nyali. Usiku wonse siginala amakhala m'bwato lake kukopa usipa ndi kuwala, ndipo akapereka chizindikiro anzake amazunguliza ukonde n'kuyamba kukoka. Kukoka chilimira kumafuna msana, miyendo yoponda molimba m'boti logwedezeka, ndi manja awiri. M'mawa nsomba zikagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta, mwini ukonde n'kutenga gawo lake, zotsalazo alovi n'kugawana. Palibe kalata ya ntchito, palibe dzina lolembedwa paliponse. Mlovi akathyoka msana kapena kuduka mwendo, anzake amasonkha kangachepe sabata yoyamba, mwini ukonde mwina n'kulipira galimoto yopita kuchipatala. Mwezi usanathe m'botimo mwalowa wina.

Lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito lilipo, la m'chaka cha 2000, ndipo lamulo la zantchito la chaka chomwecho limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Amene ali pa ntchito yolembedwa, monga pa esiteti ya shuga ya ku Dwangwa imene yakhala ikugaya nzimbe kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ali ndi poyambira: ofesi ya zantchito, kalata ya dokotala, ndi bwana wodziwika dzina. Koma anthu ambiri a m'boma lino sali pamenepo. Ndi alovi, aganyu a m'minda ya nzimbe ya alimi ang'onoang'ono, olima mpunga m'madambo, amayi okonola ndi kuviika chinangwa cha kondowole, anyamata a kabaza okwera njinga ya eni. Lamulo linalembedwa poganizira munthu wolandira malipiro pamwezi, ndipo awa silikuwaona.

Chikhalirecho padoko pomwepo pali ntchito zimene munthu angagwire atakhala pansi. Ukonde umang'ambika tsiku lililonse ndipo wousoka mwaluso sasowa ndalama. Injini za maboti zimafa. Nyali za masiku ano zimayendera mabatire ofuna kutchaja. Usipa umafuna woufutsa, wouyanika pathandala ndi woutembenuza, chambo ndi mlamba zimafuna woziwamba. Ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu amafuna wa Airtel Money kapena Mpamba pafupi. Mfundo yabwino imene CBR inabweretsa inali yoti m'malo motumiza munthu kutali, apezeredwe mmisiri wa m'dera lomwelo woti amuphunzitse, ndipo akamaliza apatsidwe zida zoyambira. Kumene izi zachitika mokhulupirika, zagwira. Chimene chimavuta ndi mpamba. Gulu la banki m'khonde limakayika kulandira munthu amene likuganiza kuti sabweza, ndipo mlangizi amatha miyezi akungolimbana ndi maganizo amenewo. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006 n'kudzafika m'maboma onse, zimathandiza banja kugula ufa ndi sopo, koma sizigula bokosi la masipanala. Palinso kanthu kena kamene olemba mapulani m'tauni amaiwala: njinga ya olumala siyenda mumchenga. Munthu angakhale ndi luso lonse, koma ngati pakati pa nyumba yake ndi doko pali mchenga wotitimira, tsiku lililonse afunika womukankha.

Ufulu wa zipani zambiri unabweretsa chinthu chimene lamulo la 1971 silinachiyembekezere. Anthu aulumali anayamba kudziyankhulira. Osaona anapanga gulu lawo, osamva lawo, achialubino lawo, makolo a ana olumala lawo, ndipo mu 1999 magulu amenewa anagwirizana pansi pa FEDOMA, imene kwa zaka zambiri inatsogozedwa ndi a Mussa Chiwaula. Boma la a Bakili Muluzi linakhazikitsa unduna woona za anthu aulumali, ndipo a George Claver anakhala nduna yake. Ubale wa MACOHA ndi magulu atsopanowa sunali wofewa nthawi zonse. Iwo ankafunsa kuti bungwe lowayankhulira lingakhalepo bwanji eni ake ali pompo, pakamwa ali napo. Funsolo linali loyenera, ndipo linakankha zinthu. Kafukufuku amene FEDOMA inachita pamodzi ndi Yunivesite ya Malawi ndi bungwe la SINTEF, wotuluka mu 2004, anaonetsa kuti mwa anthu ofuna maphunziro a ntchito zamanja kapena zipangizo zowathandiza, ochepa kwambiri ndi amene ankalandira. Mu 2006 kunabwera ndondomeko ya boma yopereka mwayi wofanana, mu 2009 dziko linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo mu 2012 kunabwera lamulo latsopano loletsa tsankho. Chaka chotsatira a Rachel Kachaje, amene analumala ndi poliyo ali mwana, anakhala nduna m'boma la a Joyce Banda. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la 1971 silinafafanizidwe. Kwa zaka zoposa khumi dziko linayenda ndi malamulo awiri, lina lonena za ufulu, lina lonena za chifundo, ndipo MACOHA inali yomangidwa ku lakalelo.

Kalembera wa 2018 anaika poyera kukula kwa katundu. Anapeza kuti anthu 11.6 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, kutanthauza anthu oposa 1.7 miliyoni, ndipo achialubino anali oposa 134,000. Boma la Nkhotakota lokha linali ndi anthu pafupifupi 393,000. Munthu akaika ziwerengero zimenezi pambali pa sukulu ziwiri, fakitale ndi alangizi owerengeka, safunikanso kuuzidwa zambiri. Ndalama zimene bungweli limalandira kuchokera ku boma zakhala zikuthera kwambiri ku malipiro, ndipo mafuta a njinga yamoto yopita kwa Mwadzama kapena ku Dwambazi akhala akudalira abwenzi akunja. Pulojekiti ikatha zaka zake zitatu kapena zisanu, njinga imaimikidwa, odzipereka amabwerera kuminda kwawo, ndipo kaundula wa mayina amatsala mu kabati. Ikabwera pulojekiti ina, imayambanso ndi kulemba mayina. Anthu a m'midzi amadziwa bwino kalembera wotere, ndipo ena anafika potopa nako kulembedwa.

Nkhotakota yomweyi inachita chinthu chimene boma lina lililonse linali lisanachite. Pa chisankho chapadera cha mu Okutobala 2021, anthu a kumpoto chakum'mawa kwa bomali anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo kudzera m'voti. Anali atatsogolera gulu la achialubino la APAM m'zaka zoopsa zimene anthu achialubino ankasakidwa ndi kuphedwa, manda awo n'kumafukulidwa. Ovota aja anali alimi a nzimbe, asodzi ndi amalonda, anthu omwe aja amene kawirikawiri amanenedwa kuti ndi amene ali ndi maganizo achikale. Sindikunena kuti MACOHA ndi imene inawina chisankhocho. Chipani, ndale za m'dera ndi khama la mwini wake zinali patsogolo. Koma zaka zambiri za alangizi kulowa m'midzi, kukhala pansi ndi mafumu ndi kukakamira kuti mwana wakuti alembedwe sukulu sizinapite pachabe.

Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 linafafaniza onse awiri, la 1971 ndi la 2012, n'kukhazikitsa Malawi Council for Disability Affairs, kapena kuti MACODA. Kusintha kwake sikuli pa chikwangwani chokha. Bungwe limene linabadwa kuti liziphunzitsa kusoka ndi kuluka tsopano lapatsidwa udindo woyang'anira ena: kulandira madandaulo, kufufuza kumene munthu wasalidwa, ndi kuona kuti sukulu, zipatala, olemba ntchito ndi omanga nyumba akutsata lamulo. Maganizo ake ndi omveka. Mwana wosamva ndi udindo wa unduna wa maphunziro, woduka mwendo ndi wa unduna wa zaumoyo, wofuna luso ndi wa TEVETA ndi makoleji a m'madera, ndipo si bwino kuti onsewa azikankhira kwa bungwe limodzi losauka monga ankachitira, kungoti "pitani ku MACOHA." Nkhawa yanga ili pa mlangizi uja wa njinga yamoto. Woyang'anira malamulo amakhala mu ofesi kudikira dandaulo, ndipo mayi uja wa mwana wa pamphasa salemba dandaulo. Ngati maunduna satenga ntchito yoyenda khomo ndi khomo, ndipo MACODA n'kuisiya poti tsopano ndi woweruza, ndiye kuti ntchito yabwino koposa imene bungweli linaphunzira m'zaka 50 idzagwera pakati.

Chaka chomwecho cha 2024, kumapeto kwa Febuluwale, mitsinje ya kumpoto kwa boma la Nkhotakota inasefukira, madzi n'kumiza midzi ya kufupi ndi Dwangwa ndi kudula msewu wa M5. Anthu zikwizikwi anathawira m'misasa ya pasukulu ndi m'matchalitchi. Nyanja nayo inakwera kuposa mmene anthu anaionera kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'madoko. Pothawa madzi usiku munthu amaberekedwa, koma njinga yake, ndodo zake ndi makina ake osokera zimatsala. Kumsasa chimbudzi chimakhala chakutali ndi chopanda pogwira, ndipo ufa umagawidwa kwa amene atha kuima pamzere. Amene anataya mwendo woikirira ayenera kukayezetsa wina ku Lilongwe, kumene bungwe la 500 Miles linatsegula malo opangira miyendo ndi manja pachipatala cha Kamuzu Central, kapena ku Mzuzu. Ulendo wake si umodzi. Pali wokayezetsa, wokatenga ndi kuphunzira kuyendera, ndi wokakonzetsa ukayamba kupweteka. Ngati ndi mwana, mwendowo umachepa iye akamakula, ndipo ulendo uja umayambiranso chaka ndi chaka mpaka atasiya kutalika. Mtengo wa minibasi yochoka pa Dwangwa kupita ku Lilongwe, anthu awiri kupita ndi kubwera, ndi umene banja limayamba kuwerengera lisanavomere kuti mwanayo apite.